Anandivula lamba kuti amve ubongo wanga

Choyamba anandiuza kuti ndivule lamba. Kenako makiyi, wotchi, mphete ya ukwati, timakobidi tomwe tinali m'thumba, ndi foni. Zonse ndinaziika m'kabeseni ka pulasitiki ngati momwe timachitira pabwalo la ndege. Mtsikana yemwe ankandilandira anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuloza zipi ya thalauza langa. Nayonso inali yosaloledwa. Anandipatsa zovala zopepuka zija amavala madokotala a opaleshoni, zopanda batani ngakhale limodzi. Ndikusintha m'kachipinda ndinadziseka ndekha: munthu wamkulu, wachokera ku ntchito ya usiku, maso ali psuu, m'malo mokagona wabwera kudzavulidwa ndi ana a yunivesite.

Ku England kuno ndakhalako zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndimasamalira okalamba monga ambiri a ife. Chikalata choitana anthu odzipereka ndinachiona pa bolodi la ku laibulale. Ankafuna anthu osadwala oti awayeserepo zipangizo zatsopano zoyezera mphamvu ya maginito yochokera mu ubongo, ndipo ukamaliza akupatsa kavocha kokagulira zinthu kusitolo. Anzanga kuntchito ndinawauza kuti ndikupitira kavochako, iwo anakhulupirira chifukwa amandidziwa. Koma chomwe chinandiimitsa pa bolodi paja ndi liwu limodzi lomwe linali mmunsi mwa chikalatacho, pomwe ankanena za odwala amene zipangizozi zingadzawathandize. Kwathu matenda amenewo timati khunyu.

Mng'ono wanga anadwala malungo aakulu ali ndi zaka zinayi, aja ofika mu ubongo. Anakomoka masiku atatu. Atatsitsimuka tonse tinati Mulungu ngwamkulu, kunyumba kunaphikidwa mpunga. Patapita chaka ndi miyezi ingapo anayamba kugwa. Tsiku lina anagwera pa mbaula amayi atapita kumjigo, ndipo dzanja lake lamanzere lili ndi chipsera mpaka lero. Anthu anayankhula zambiri. Ena analetsa ana awo kudya naye mbale imodzi, ati thovu lake limapatsirana. Ena anauza amayi kuti wakhunyu akapsa ndi moto ndiye basi, mankhwala samugwiranso. Zonsezo ndi zabodza, koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene akudya yekha pakhonde sadziwa kuti ndi zabodza. Lero ndi bambo wa ana awiri, amamwa phenobarbitone, ndipo akamamwa mosadumphiza amatha miyezi yambiri osagwa. M'zaka zonsezi palibe anayezapo zomwe zimachitika m'mutu mwake. Achipatala anamvetsera zomwe amayi anafotokoza n'kulemba m'kabuku kake, ndipo analemba zolondola, sindikuwanyoza. Kungoti tsiku limenelo ine, wosadwala mutu ndi komwe, ndi amene ndinali pa benchi kudikira chipangizo chomwe pa dziko lonse chikupezeka m'malo owerengeka.

Ndifotokoze kaye zomwe amayezazo, mmene ndinazimvera ine.

Ubongo umayendera magetsi. Sikuti ndikuphiphiritsa, ndi magetsi enieni, ochepetsetsa, amene maselo a mu ubongo amatumizirana nawo uthenga. Dokotala wina wa ku Jena, m'dziko la Germany, Hans Berger, anayamba kuwajambula mu 1924 poika timawaya pamutu pa munthu, ndipo ndiye chiyambi cha EEG yomwe zipatala zikugwiritsa ntchito mpaka pano. EEG ndi yabwino komanso yotsika mtengo, koma ili ndi chilema chimodzi. Fupa la chibade silidutsa bwino magetsi, limawamwaza. Zili ngati kumva anthu akukangana m'nyumba iwe uli panja: ukumva kuti muli mkangano, mwina n'kuzindikira kuti ndi amuna kapena akazi, koma kuti ali pabalaza kapena kuchipinda sungalumbire.

Tsono paliponse pomwe magetsi akuyenda pamakhalanso mphamvu ya maginito. Amene tinadutsa ku sekondale tikukumbukira kukulunga waya pa msomali, kulumikiza ku batire, msomali uja n'kuyamba kutola maphini. Ubongo nawonso umatero. Ubwino wake ndi woti maginito amadutsa fupa ndi khungu osasokonekera kwenikweni, ndiye ukawayeza kunja kwa mutu umatha kuloza bwino pomwe achokera, komanso nthawi yake yeniyeni, mpaka kagawo kamodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, kamene amakatcha milisekondi. Njira imeneyi amaitcha MEG.

Vuto ndi kuchepa kwake. Dziko lapansili nalo ndi maginito, ndi chifukwa chake singano ya kampasi imaloza kumpoto. Ku England mphamvu imeneyo ndi pafupifupi ma microtesla 50. Ya mu ubongo, ngakhale maselo zikwi makumi angapo atayaka nthawi imodzi, imafika pa ma femtotesla 100 kapena mazana ochepa. Mayinawo musavutike nawo. Chofunika ndi choti ya dziko imaposa ya ubongo pafupifupi ka theka la biliyoni. Nambala imeneyi sinkandilowa m'mutu mpaka nditaisandutsa chimanga. Thumba la makilogalamu 50 limakhala ndi maso a chimanga opitirira pang'ono 150,000. Ndiye theka la biliyoni ndi matumba pafupifupi 3,000. Wina athire matumba onsewo pabwalo la mpira, aponyemo diso limodzi la chimanga chofiira, akuuzeni kuti musangolipeza kokha, koma muzinena nthawi iliyonse likasuntha.

Woyamba kuyesa anali David Cohen, ku Illinois m'dziko la America, mu 1968. Anagwiritsa ntchito waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri, ndipo zomwe anapeza zinali zodzadza phokoso. Zinthu zinasintha atasamukira ku yunivesite ya MIT n'kupeza kachipangizo komva maginito ochepetsetsa kotchedwa SQUID, komwe anakonza katswiri mnzake James Zimmerman. Mu 1972 anafalitsa zotsatira zoonekera bwino za ubongo wa munthu. Kuyambira pamenepo, kwa zaka zoposa 40, aliyense wofuna MEG ankadalira SQUID.

Koma SQUID ili ndi khalidwe lake. Imagwira ntchito pokhapokha itazizira kufika madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo kuti ifike pamenepo imamizidwa mu mpweya wa helium woziziritsidwa mpaka kukhala wamadzimadzi. Chinthu chozizira choncho sungachigunditse pamutu pa munthu. Amachitsekera m'chithanki chokhuthala ngati fulasiki ya tiyi, chimakina chonsecho n'kumaoneka ngati chowumitsira tsitsi cha ku saluni chomwe chakula mopitirira, cholemera makilogalamu mazanamazana. Masensa pafupifupi 300 amakhala mkati mwa chisoti chosasunthika, chopangidwa molingana ndi mutu wa munthu wamkulu. Pakati pa sensa ndi khungu pamatsala mpata wa masentimita awiri kapena atatu, ndipo mphamvu ya maginito imazilala msanga ukamatalikira. Walowetsa mutu, ukhale phee, osagwedera ngakhale pang'ono, mwina kwa theka la ola. Munthu wamkulu amapirira. Nanga mwana wa zaka zitatu? Mutu wake ndi waung'ono, ndiye mpata uja umakula, ndipo aliyense amene anayesapo kumeta mwana wa msinkhu umenewo akudziwa kuti mawu oti "usagwedere" kwa iye ndi nyimbo chabe. Odwala amene amafunikira kwambiri makinawa, ana akhunyu ndi anthu onjenjemera, ndi omwewo amene makinawo ankawalephera.

Zomwe ankayesa pa ine ndi masensa a mtundu wina, otchedwa OPM. Mnyamata yemwe ankatsogolera kafukufukuyo anandigwiritsa kamodzi tisanalowe. Kabokosi ka pulasitiki kaatali ngati chala chachikulu, kopepuka, kali ndi chingwe kumchira. Ukakapeza pansi ungaganize kuti kagwa ku chaja ya foni. Mkati mwake muli kabotolo ka galasi ka mamilimita ochepa, momwe muli nthunzi ya chitsulo chotchedwa rubidium, yotenthedwa kufika madigiri pafupifupi 150. Kuwala kwa laser kumadutsa m'kabotolomo n'kufoletsa maatomu onse kuti ayang'ane mbali imodzi, ngati ana asukulu pa asembule. Akafola choncho kuwala kumadutsa mosavuta n'kukafika pa kadiso komwe kali tsidya linalo. Pakabwera kamphamvu ka maginito, ngakhale kochepa bwanji, maatomu aja amapendekeka, n'kuyamba kumeza kuwala, kadiso kaja n'kuona kuti kwachita kamdima. Kuchepa kwa kuwalako ndiye muyezo wake. Palibe helium, palibe chithanki, ndipo kabotolo kaja kamakhala mamilimita ochepa chabe kuchokera pakhungu.

Nzeru imeneyi sinabadwe dzulo. Gulu la Michael Romalis ku Princeton linaonetsa cha m'ma 2002 ndi 2003 kuti maatomu angathe kumva maginito mofanana ndi SQUID, ndipo mu 2006 linajambula ubongo wa munthu ukuyankha phokoso. Akatswiri a ku NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo, mumzinda wa Boulder, anachepetsa zipangizozi mpaka kufanana ndi kachibenthu ka shuga, n'kukaziyesa ku Berlin mu 2012 m'chipinda china chotchingidwa kwambiri. Kampani ya QuSpin ya ku Colorado inayamba kugulitsa masensa oterewa. Koma nkhani inamveka ponseponse mu Malichi 2018, pomwe ofufuza a ku University of Nottingham ndi University College London anafalitsa m'magazini ya Nature zotsatira za anthu atavala masensawa kumutu, akugwedeza mutu, akumwa tiyi, wina akudundadunda kampira pa kathabwa, ubongo ukujambulidwabe. Anthu omwe anakhala zaka zambiri akupempha odwala kuti asagwedere ayenera kuti anaona ngati maloto.

Chipinda chomwe anandilowetsamo chinali chaching'ono, chosakwana ndi sitolo ya pamsika. Chitseko chake chinali chokhuthala ngati cha mosungira ndalama ku banki. Makoma ake ndi a mu-metal, chitsulo chosakaniza nickel ndi ayironi, choyalidwa magawo angapo, chomwe chimakoka maginito a dziko kuti azilambalala m'makoma m'malo molowa mkati. Zotsalira zochepa zomwe zimalowabe amazithetsa ndi mawaya okulungidwa pa mabolodi aakulu, omwe amatulutsa mphamvu yotsutsana nayo. Atatseka chitseko, asanayambe chilichonse, anati tidikire kaye ayeretse makoma, chifukwa chitsulocho chimasunga maginito omwe chatola chitseko chili chotsegula. Ndinakhala pampando wa matabwa wopanda msomali, chisoti chili kumutu, zingwe zikulendewera kumsana ngati mangongo a mayi wa ku saluni. Pakhungu ndinkamva kufunda, osati kutentha, ngati wavala chipewa chomwe chinali padzuwa.

Za tsitsi ndinene pang'ono, chifukwa zimatikhudza. Ine ndimameta mpala, ndipo mtsikana uja ataona mutu wanga anasangalala ngati wapeza ndalama. EEG imafuna kuti kawaya kakhudze khungu, ndipo tsitsi lathu lolimbali, makamaka likalukidwa, lakhala likuchititsa kuti anthu akuda ambiri azibwezedwa pa kafukufuku wa ubongo m'maiko ano. OPM sifuna kukhudza khungu kapena kupaka mafuta, zomwe ndi zabwino. Koma mphamvu yake yonse yagona pa kuyandikira, ndiye mayi wa mesh kapena mnyamata wa madiredi watalikitsa kale sensa ndi sentimita yathunthu. Ndinawafunsa ngati amaganizirapo zimenezi. Anati amaganizira, ndipo ndi chifukwa china chomwe amasangalalira pakabwera anthu osiyanasiyana. Ndinawakhulupirira theka.

Kenako mawu anatuluka pa sipika: tiyambe. Patangopita mphindi ziwiri anati tiime kaye. Chitseko chinatseguka, mnyamata uja analowa nkhope ili yodandaula. Anati pali china chake chachitsulo pathupi panga, chifukwa mizere yonse pa kompyuta ikukwera ndi kutsika motsatira kupuma kwanga. Anafunsa za mano, ngati ndinaikidwapo chitsulo. Ayi. Ngati ndinachitidwapo opaleshoni. Ayi. Ngati ndinagwirapo ntchito yowotcherera zitsulo, poti tizidutswa timatha kutsalira pakhungu. Ayi. Tinayang'anana. Ndiye ndinakumbukira. Kabudula wamkati yemwe ndinavala tsiku limenelo anali atatha lasitiki, ndipo ndinali nditamugwiriza ndi phini. Abale, manyazi ake! Makina omwe anthu ophunzira anawavutikira zaka makumi awiri anagonja ndi phini ya kabudula wa munthu wa ku Ntcheu. Ndinakaichotsa, anayeretsanso makoma, tinayambiranso.

Koma phini ija inandiphunzitsa zomwe mafotokozedwe onse sanathe. Ntchito yaikulu m'chipinda muja si kumva ubongo ayi. Ntchito ndi kutontholetsa china chilichonse. Mtima wako womwe umatulutsa maginito oposa a ubongo kambirimbiri. Kuphethira kumalemba mzere wake. Kukukuta mano kumadetsa zonse. Basi ikadutsa mumsewu, kapena chikepe chikakwera m'nyumbamo, masensa amadziwa. Ofufuza aja nthawi yawo yambiri imathera pa kusaka phokoso, ngati mayi wopeta mpunga amene ntchito yake yeniyeni ndi kuchotsa timiyala.

Nanga chipangizo chatsopano amachiyesa bwanji, poti palibe anaonapo maginito a ubongo ndi maso kuti anene kuti apa chalondola? Amachita zomwe amachita wogula sikelo yatsopano: amayamba wayeza paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, yomwe kulemera kwake akukudziwa kale. Choyamba amajambula chipinda chopanda munthu, kuti adziwe phokoso la masensawo paokha. Kenako amaika mutu wabodza, mpira wa pulasitiki womwe mkati mwake muli kawaya kodutsa magetsi odziwika pamalo odziwika, n'kuona ngati makinawo aloza pomwepo kapena aphonya ndi mamilimita angati. Akatero m'pamene amaitana anthu ngati ine, n'kumafunsa ubongo mafunso omwe mayankho ake anadziwika kalekale. Akakugwedeza mtsempha wa padzanja ndi kamagetsi kochepa, uthenga umafika ku ubongo patapita mamilisekondi pafupifupi 20, kumbali yosemphana ndi dzanjalo. Akakuimbira kabelu m'khutu, yankho lalikulu limabwera patapita mamilisekondi pafupifupi 100. Ngati sensa yatsopano yapeza zomwezo, pa nthawi yomweyo, pamalo omwewo pomwe SQUID imapeza, ndiye kuti ikunena zoona.

Ine anandipatsa zitatu. Kumvetsera timabelu mazana angapo, zomwe zinatsala pang'ono kundigoneka. Kugwedeza chala cholozera chikwangwani chikaoneka pakhoma. Ndi kutsinzina, kutsegula, kutsinzina, kutsegula, masekondi makumi atatu aliwonse. Pomaliza anati ndibwereze za chala zija koma uku ndikutembenuza mutu kumanja ndi kumanzere, kuti aone ngati mawaya a pa mabolodi aja akukwanitsa kuthetsa zosokoneza zobwera ndi kuyendako.

Titamaliza anandiitanira pa kompyuta. Anandionetsa mzere wa sensa ya kunkhongo. Pomwe maso anali otsegula unali wosalongosoka, ngati mwana wakhwatchakhwatcha papepala. Pomwe ndinatsinzina panabuka mafunde aakulu, olingana, khumi pa sekondi iliyonse. Amenewo ndi mafunde a alpha, omwe Berger anawaona zaka pafupifupi 100 zapitazo. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Si kuti anali achilendo kwa iwo, amawaona tsiku ndi tsiku, ndi shuga wawo wa pa sikelo uja. Koma kwa ine chinali chinthu chomwe chakhala chikuchitika kunkhongo kwanga nthawi iliyonse ndikatsinzina popemphera kapena pogona m'basi, ine osadziwa. Ndinafunsa kuti wakhunyu mzere wake umaoneka bwanji. Anajambula ndi chala pa tebulo: kansonga kakuthwa, kobwera mwadzidzidzi, kotsatidwa ndi funde lodekha. Anati timinga timeneti timabwera ngakhale munthu asakugwa, ali bwinobwino akucheza, ndipo ndi tomwe madokotala amasaka kuti adziwe pomwe matendawo amayambira.

Apa m'pomwe pagona phindu la zonsezi. Mwa anthu atatu akhunyu, pafupifupi mmodzi mankhwala samuthandiza mokwanira. Ena mwa iwo angachire ndi opaleshoni yochotsa kachigawo ka ubongo komwe kamayambitsa kugwako, koma dokotala ayenera kudziwa malo ake enieni, chifukwa pafupi pomwepo pangakhale poyankhulira kapena poyendetsera dzanja. Ndipo mwana akathandizidwa msanga, ubongo wake umakhala ndi mpata wokula bwino. Mu 2019 a ku Nottingham aja anajambula ana a zaka ziwiri ndi zisanu atavala chisoti cha njinga chomwe anachiboola n'kulowetsamo masensa, mayi awo akuwasisita dzanja. Bungwe la Young Epilepsy ku Lingfield, m'chigawo cha Surrey, linakhazikitsa makina oterewa mu 2021. Ku Brussels, madokotala anayeza ana asanu akhunyu ndi makina onse awiri, akale ndi atsopano, ndipo mu 2022 anafalitsa kuti timinga tija tinkaoneka tokulirapo pa atsopanowa, komanso tinkaloza malo ofanana. Ana asanu ndi ochepa, ndipo eni akewo amavomereza. Ndi chifukwa chake kuyesa kukupitirira.

Komabe walira mvula walira matope. Sensa ikakhala pamutu imayenda ndi mutuwo, zomwe ndi zomwe ankafuna, koma ikamayenda imadutsa m'zotsalira za maginito a dziko, ndipo zotsalirazo, ngakhale zitachepa chotani, zimaposa za ubongo kutalitali. Masensa amenewa amagwira bwino ntchito pokhapokha pomwe ali pakhale pafupifupi popanda maginito konse. Ukawathithikanitsa amasokonezana okhaokha. Amafunda, ndiye ukachulukitsa pamutu pa khanda uyenera kuganizira za kutentha. Mafunde othamanga kwambiri sawagwira bwino ngati SQUID. Helium anamuthawa, koma chipinda chachitsulo chija sanachithawe, ndipo ndicho cholemera ndi chodula.

Za helium zinandiseketsa nditamva. Mpweya umenewu, womwe ife timaudziwira m'mabaluni a pa phwando la ana, ndi wosowa, umachokera kwambiri ku America ndi Qatar, ndipo mtengo wake umavutitsa zipatala. Mu 2016 akatswiri a ku Oxford ndi Durham analengeza kuti apeza wambiri pansi pa chigwa cha Rukwa ku Tanzania, kungodutsa malire athu a kumpoto. Ndinati m'mtima, taonani, tsiku lomwe zapezeka pafupi ndi kwathu m'pomwe eni makina ayamba kupanga zosafuna helium. Koma musadandaule, makina a MRI, aja ojambula mkati mwa thupi, akumufunabe.

Ndikutuluka m'nyumba muja mtima unagawikana. Mbali ina inali yowawidwa. Bungwe la WHO limati pa dziko lonse anthu akhunyu alipo pafupifupi 50 miliyoni, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi apakatikati. Limatinso mpaka 70 mwa 100 angasiye kugwa atalandira mankhwala oyenera, mankhwala akalekale otsika mtengo, koma m'maiko osauka atatu mwa anayi alionse sawalandira. Ku Blantyre ofufuza anatsatira ana 132 omwe anachira malungo a mu ubongo, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2010 zinaonetsa kuti 12 mwa iwo anadzayamba khunyu. Mng'ono wanga ndi mmodzi mwa anthu a mtundu umenewo, kungoti iye palibe anamuwerenga. Kwa anthu ngati iye chosowa si femtotesla. Chosowa ndi botolo la mapiritsi lomwe silitha pakati pa mwezi, ndi mphunzitsi wodziwa kuti mwana akagwa umamugoneka cham'mbali osamulowetsa supuni mkamwa.

Koma mbali ina inakana kuti ndizinyoza zomwe ndinaona, ndipo ndikuganiza kuti mbali imeneyi ndiyo inali ndi nzeru. Pomwe makina a MRI ankafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, munthu akanatha kufunsa kuti dziko losowa panado likufuniranji zimenezi. Koma makina omwewo ndi amene anathandiza gulu la dokotala Terrie Taylor ndi anzake kuonetsa, mu 2015, kuti ana ambiri omwe amamwalira ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongo watupa n'kupanikiza pomwe pamayendetsa kupuma. Funso lomwe linazunguza madokotala zaka zambiri linayankhidwa ku Blantyre, chifukwa ndi komwe kunali ana odwalawo ndipo makina anawatsatira komweko. Pambuyo pake chipatala chomwecho chinayesanso kamakina ka MRI koyenda pa matayala, kolumikiza pa soketi wamba. Zinthu zimachepa, zimatsika mtengo. Sensa ya OPM ndi galasi, laser ndi pulasitiki, zinthu zomwe fakitale ingathe kuchulukitsa. Ena akuyesa kale zipinda zopepukirapo, ena masensa omwe angapirire maginito a dziko popanda makoma okhuthala. Sindikunena kuti chaka chamawa chisoti chimenechi chifika ku Ntcheu, kwathu komwe magetsi enieniwo amabwera mongocheza. Ndikungoti makina akale aja sakanafikako ngakhale patapita zaka 100, pomwe awa njira yake ikuoneka, ngakhale ili yaitali.

Chomwe chinandikhalira kwambiri si manambala. Ndi kuona kuti kwa zaka makumi anayi wodwala ndiye ankauzidwa kuti adzikonze kuti akwanire m'makina: khala chonchi, usapume kwambiri, mutu wako ndi waung'ono, bwera ukakula. Tsopano pali anthu omwe akhala pansi n'kunena kuti mwanayo asiyeni agwedere, ife ndi amene tivutike. Ntchito yanga ya okalamba inandiphunzitsa kusiyana kwa zinthu ziwirizi. Pali nyumba zomwe gogo amadzutsidwa 6 koloko chifukwa ndandanda yatero, ndi zina zomwe ndandanda imadikira gogo.

Lamlungu lotsatira ndinaimba foni kumudzi. Ndinawafotokozera amayi zonse, kupatula za phini.

"Ndiye anapezamo chiyani m'mutumo?" anafunsa.

"Anati muli bwinobwino, amayi."

"Anayang'anitsitsa koma? Chifukwa munthu wanzeru sangapereke mutu wake kwa azungu kuti aziyeserapo." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako mawu anasintha. Anati mwezi uno kuchipatala mankhwala a mng'ono wanga kunalibe, anawauza kuti akayesenso sabata ya mawa, ndiye anatuma mwana kukagula ku famase ya ku boma, ndalama yake anabwereka kwa apongozi. Ndinati nditumiza madzulo omwewo. Kavocha kaja nditakasinthira m'makwacha m'mutu, kanali kokwanira mapiritsi a miyezi ingapo.

Anamupatsira foni mwini wake. Anali atamva zonse, anali pompo.

"Achimwene, chisoticho chimapweteka?"

"Ayi ase, chimangofunda."

"Nanga munthu atagwa ali nacho kumutu?"

"Akuti chimapita naye limodzi. Chimajambulabe."

Anakhala chete. Ndinkamva nkhuku kumbuyo kwake, ndi mwana wake wamng'ono akulirira foni.

"Ndiye kuti angathe kuona pomwe zimayambira," anatero, osati ngati funso.

Ndinati inde, ndicho cholinga chake. Anati chabwino. Kenako anandifunsa ngati chaka chino ndithandizeko pa feteleza, chifukwa mvula yayandikira ndipo thumba lakweranso.